Kunyamula thirakitala pa ngolo: ngolo iti, zomangira ziti, ndipo ikwere choyang'ana kuti?

Musanayambe kufunsa kuti ngolo yabwino ndi iti, dziwani kaye kulemera kwa thirakitala yanu momwe ilili lero. Nambala yolembedwa m'buku lake ndi ya thirakitala yopanda kanthu, momwe inatulukira ku fakitale, ndipo yomwe imagwira ntchito kumunda si imeneyo ayi. Matayala akumbuyo nthawi zambiri amathiridwa madzi kuti azigwira nthaka. Tayala limodzi la saizi 16.9-30 limalowa malita opitirira 250, ndiye awiri okhawo awonjezera theka la tani lomwe maso saliona. Zitsulo zolemeretsa kutsogolo chimodzi chimakhala makilogalamu 30 mpaka 50, ndipo sizipachikidwa ziwiri zokha. Loader (mikono yonyamulira katundu ya kutsogolo) ndi chidebe chake pa thirakitala yapakatikati ndi makilogalamu 500 kapena kuposa. Muonjezere pulawo kumbuyo ndi thanki yodzaza dizilo. Thirakitala yomwe buku likuti ndi matani 2.6 imafika matani 4 popanda chodabwitsa. Sikelo ya magalimoto ndiyo imathetsa nkhani. Ngati kulibe, werengerani chimodzichimodzi ndipo posakayika muzikweza nambala, osatsitsa.

Ngolo nayo nambala yake imasocheretsa. Pa kachitsulo kokhomedwa pa khosi lake pamalembedwa kulemera konse kololedwa, ngolo ndi katundu pamodzi. Ngolo yolembedwa makilogalamu 3,500 yomwe payokha imalemera 800 imanyamula 2,700 basi. Ndipo nambalazi zilipo zinayi: ya ngolo, ya matayala ndi maekiselo ake, ya tow bar (chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto) ndi mpira wake wachitsulo wokolekapo ngolo, ndi ya galimoto yokoka. Yaing'ono kwambiri pa zinayizi ndiyo malire anu, ngakhale zitatu zinazo zitakhala zazikulu bwanji.

Kuiyendetsa yokha pamsewu

Njira imeneyi anthu amaiiwala akayamba kukamba za ngolo. Ngati mtunda ndi makilomita 10 kapena 15, masana, msewu wosapanikizika, kuiyendetsa kumachotsa nthawi ziwiri zoopsa kwambiri, yokweza ndi yotsitsa. Kuipa kwake ndi liwiro. Thirakitala zambiri zimathera pa makilomita 25 mpaka 40 pa ola, ndipo galimoto yobwera kumbuyo pa 100 imaifikira isanazindikire kuti chili patsogolocho chikukwawa. Phula limadyanso mano a matayala msanga. Mukasankha njirayi, mangani mapedulo awiri a mabuleki pamodzi ndi kachitsulo kake, chifukwa kuponda limodzi pa liwiro kumapotoza thirakitala nthawi yomweyo. Mtunda ukatalika kapena kukada, fufuzani ngolo.

Ngolo yokoleka kumbuyo ndi ngolo ya gooseneck

Apa ndi pomwe pali kusankha kwenikweni kwa anthu ambiri, ndipo kusiyana kwa ngolo ziwirizi kwagona pa chinthu chimodzi: pomwe kulemera kwa khosi la ngolo kukutsamira pa galimoto.

Ngolo yokoleka pa tow bar imatsamira pa mpira womwe uli mita imodzi kapena kuposa kumbuyo kwa ekiselo yakumbuyo ya galimoto. Chilichonse chomwe chikukanikiza mpirawo chimapepula matayala akutsogolo, omwe ndi owongolera komanso ogwira mabuleki kwambiri. Ngolo ikakankhira kumbali, imakhala ndi mpata wopotoza galimoto yonse. Ndiye pamafunika muyeso. Khosi likapepuka kwambiri, ngolo imayamba kupukusa mchira liwiro likakwera, makamaka potsika mtunda kapena lole ikadutsa pafupi. Likalemera mopitirira, chiwongolero chimapepuka m'manja, magetsi amayang'ana kumwamba, ndipo matayala akumbuyo a galimoto amatentha. Ku America amalangiza kuti khosi lizinyamula 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo. Ma tow bar opangidwa potsata miyezo ya ku Ulaya ambiri salola zochuluka choncho, ndipo malire ake amalembedwa pa chitsulocho. Werengani, ndipo ikani kulemera kufupi ndi malirewo popanda kuwapyola.

Chomwe ambiri sachidziwa ndi kuchepa kwa kusuntha komwe kumasintha zonsezi. Tengani thirakitala ya makilogalamu 2,500 pa ngolo yomwe kuchokera pa mpira kufika pakati pa maekiselo pali mamita 4. Kuisuntha masentimita 10 okha kutsogolo kumawonjezera makilogalamu pafupifupi 60 pa mpira. Masentimita 30 kumbuyo amachotsapo pafupifupi 190, komwe kungakhale kuchotsa kulemera konse kwa khosi. Ndiye yezani ndi tepi kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, kutsogolo ndi kumbuyo, musanakweze ndi mutakweza. Kumbuyo kutsike pang'ono, kutsogolo kusanyamuke moonekera, ngolo ikhale yoongoka osati yoweramira mbali imodzi. Pa ngolo ya maekiselo awiri kuongokako n'kofunika kwambiri, chifukwa ikapendekeka ekiselo imodzi imasenza gawo la inzake. Mukapeza malo abwino, lembani mzere ndi penti pomwe tayala lakumbuyo laima. Ulendo wotsatira simudzayezanso.

Malire a ngolo zotere ndi odziwika. Pa mpira wa mamilimita 50 kulemera konse kumathera pa makilogalamu 3,500, kutanthauza thirakitala yosapitirira pafupifupi matani 2.7 ndi zonse zomwe yanyamula. Thirakitala zing'onozing'ono ndi zakale za mtundu wa Massey Ferguson 135 zimakwanira bwino. Ya mahatchi 75 yokhala ndi madzi m'matayala siikwanira, ngakhale italowa bwinobwino m'bodi. Chenjeraninso ndi mipira yofanana maonekedwe. Wa mamilimita 50 ndi wa mainchi 2 amasiyana ndi gawo chabe la milimita, koma sanapangidwire chikho chimodzi (chikho ndi mbali ya khosi la ngolo yomwe imavala mpira). Choopsa kuposa apo ndi chikho cha mainchi 2 5/16 chovekedwa pa mpira wa mainchi 2: chimaoneka kuti chatseka, n'kudzavuka pa bampu yoyamba kapena pomwe thirakitala yaponda kumbuyo kwa ngolo.

Gooseneck ili ndi khosi lopindika lomwe limadutsa pamwamba pa chitseko chakumbuyo n'kukakhala pa mpira m'kati mwa bodi ya pikiapu, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo kapena patsogolo pake pang'ono. Pamenepo kulemera sikupepula kutsogolo, ndipo ngolo ilibe mpata wopotoza galimoto. Ndiye imayenda mokhazikika kwambiri, imalola 20 mpaka 25 peresenti pa khosi, ndipo imakhota pamalo ochepa. Kwa wonyamula thirakitala ya matani 3 mpaka 6 kawirikawiri, iyi ndiyo ngolo yoyenera, ndipo sitikuonapo mkangano. Koma gooseneck si mankhwala a galimoto yaing'ono. Ngolo ya matani 7 ikaika 20 peresenti pa khosi, ndiye kuti m'bodi mwa pikiapu mwalowa makilogalamu 1,400, pomwe pikiapu wamba imaloledwa pafupifupi tani imodzi kuphatikiza dalaivala. Mpira wake uyenera kugwira pa chasisi kudzera m'zitsulo zopangidwira ntchitoyo, osati kuwotcherera pa lata la bodi. Pokhotanso imadula kona kwambiri kuposa ngolo yokoleka kumbuyo, ndiye wozolowera inayo amagwetsa nsanamira za geti masiku oyamba.

Za mabuleki sitichedwapo. Ngolo yopanda mabuleki m'mayiko ambiri imathera pa makilogalamu 750, ndiye pa nkhani ya thirakitala ilibe malo. Mabuleki odzigwira okha ngolo ikakankha galimoto ndi osavuta kusamalira, koma pa mtunda wautali wotsika amakhala akukhuza mpaka kutentha, ndipo dalaivala sangawagwiritse payekha. Amagetsi amafuna kachipangizo kowalamulira m'galimoto, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti mungagwire mabuleki a ngolo okha ikayamba kuvina. Ampweya ndi a malole. Mulimonsemo, kachingwe komwe kamagwiritsa mabuleki ngolo ikaduka kakolekedwe pa galimoto penipeni, ndipo maunyolo awiri otetezera adutsane pansi pa khosi kuti likavuka ligwere pamenepo, lisalase pansi.

Bodi yotsika, bodi yapamwamba, bodi yopendekeka

Ngolo ya bodi yotsika, yomwe katundu amakhala pakati pa matayala, imakhala pafupifupi theka la mita kuchokera pansi. Kukwera kwake n'kosavuta ndipo kulemera kumakhala pansi, zomwe zimathandiza pa makona. Vuto ndi m'lifupi: pakati pa madigadi pamakhala mamita 2.1 kapena kucheperapo. Yezani thirakitala kuchokera kunja kwa tayala lakumbuyo kufika kunja kwa linzake, osati potengera buku, chifukwa matayala a thirakitala amatalikitsidwa kuti agwirizane ndi mizere ya mbewu. Ngolo ya bodi yapamwamba pa matayala imapereka mamita 2.5 athunthu, koma imakweza katundu kufika pafupifupi mita imodzi, ndipo zokwerera zake zimakhala zotsetsereka kwambiri. Ngati thirakitala ikukwana pa yotsika, tengani yotsika.

Ya bodi yopendekeka ilibe zokwerera zonyamula pamanja, ndipo kutsetsereka kwake kumakhala kofatsa. Imakomera thirakitala yokhala ndi chipangizo chotsika pansi pa mimba kapena chotalika kumbuyo. Koma bodi imagwa thirakitala ikangopyola pakati, ndipo ngati silinda yochepetsa kugwako yatha mphamvu imagwa mwamphamvu. Loko yake ikhale chinthu choyamba kutseka musanagwire unyolo.

Lole ndi lowbed

Thirakitala ikapitirira matani 5 kapena 6, kapena ikakhala ndi kabu yaitali, nkhani ya pikiapu yatha. Lowbed, ngolo yaikulu yokokedwa ndi lole, imakhala pansi, ili ndi mabuleki ampweya, ndipo ili ndi pomangira popangidwira makina olemera. Lole ya bodi yotsetserekera pansi yokhala ndi winch (makina okokera katundu ndi waya) ndiyo njira yabwino kuposa zonse kwa thirakitala yomwe yafa injini. Kwa munthu wosamutsa thirakitala kamodzi kapena kawiri pachaka, kulipira wonyamula wokhala ndi zida zotere kumaposa kugula ngolo yomwe izidzangokhala matayala akuuma.

Lole wamba yokwezera pa chitunda cha dothi ndiyo njira yomwe imafuna maso kwambiri. Bodi yake imakhala mamita 1.2 kapena kuposa, ndipo thirakitala ya kabu ikakwerapo msinkhu wonse umafika mamita 4, pomwe malire m'mayiko ambiri ali pakati pa mamita 4 ndi 4.3, ndipo m'lifupi pakati pa 2.5 ndi 2.6. Yezani mutakweza, mpaka nsonga ya ekizozi, ndipo lembani nambalayo pomwe dalaivala aziiona. Thirakitala ikamaponda m'mphepete, masipuling'i a lole amatsika ndipo lole imafuna kuthawa chitundacho, n'kusiya mpata womwe tayala lingagweremo. Matabwa a bodi anapangidwira matumba oyalidwa ponseponse, osati tani imodzi ndi theka pa kamalo komwe tayala laponda, ndiye yalani matabwa okhuthala motsatira pomwe matayala adutse.

Kukwera chakutsogolo kapena chambuyo

Ngozi zambiri za ntchitoyi sizichitikira pamsewu koma pa zokwerera, galimoto isanasunthe n'komwe. Thirakitala ya matayala awiri okoka imasenza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake kumbuyo. Ikamakwera chakutsogolo pamalo otsetsereka, kutsogolo kumapepukiratu, ndipo kungosiya kilatchi mwadzidzidzi kapena tayala lakumbuyo kukodwa pa mlomo wa bodi kumainyamula mphuno. Thirakitala yogwa chagada imafika posabwezeka sekondi imodzi isanathe, phazi lisanafike pa kilatchi. Kukwera chambuyo kumachotsa ngozi imeneyi, chifukwa mbali yolemera imakhala kumtunda. Choncho thirakitala yopanda loader, makamaka yokhala ndi chipangizo kumbuyo, ndi bwino ikwere chambuyo ngati zokwerera zili zotsetsereka.

Koma pali mbali ina. Momwe yakwerera ndi momwe ikhalire ulendo wonse, ndipo zimenezi zimasintha kulemera kwa khosi. Ikakwera chambuyo, matayala aakulu amapita kutsogolo kwa ngolo ndipo khosi limalemera. Pa gooseneck zimenezo n'zabwino, pa tow bar zikhoza kupyola malire. Ikakwera chakutsogolo pa ngolo yaifupi, mbali yolemera imathera kumbuyo kwa maekiselo, komwe ndi kuitana kupukusa mchira. Chokhalira kumbuyo chimakumananso ndi mphepo mbali yomwe sichinapangidwire: denga la pulasitiki, galasi lakumbuyo la kabu ndi zitseko zimakanganuka pa makilomita 80 pa ola ngati sizinatsekedwe bwino. Thirakitala ya loader kapena ya matayala onse okoka kulemera kwake kumagawikana bwino, ndipo imakwera chakutsogolo popanda vuto, chidebe chili pansipansi. Lamulo lomwe timatsatira ndi ili: zokwerera zifatse mokwanira kuti mbali iliyonse itheke, kenako kulemera kwa khosi ndiko kusankhe.

Kufatsako kuli ndi muyeso. Zokwerera zikhale zotalika kanayi kuyerekeza ndi msinkhu wa bodi, zomwe zimapereka madigiri pafupifupi 15. Bodi ya masentimita 60 imafuna zokwerera za mamita 2.4. Zikhale zokoleka kapena zokhomedwa ndi pini ku ngolo, chifukwa tayala lokoka limatha kuzikankhira kumbuyo n'kuzichotsa. Matope achotsedwe m'matayala ndi pa zitsulo. Chitsulo chonyowa ndi mphira wamatope sizigwirana, ndipo thirakitala imaterereka cham'mbali.

Pali chinthu china chomwe chimadzidzimutsa ngakhale ozolowera. Thirakitala ikaponda kumbuyo kwenikweni kwa ngolo, khosi limanyamuka n'kunyamulanso kumbuyo kwa galimoto. Handibuleki ya galimoto imagwira matayala akumbuyo omwewo. Akangochoka pansi, galimoto, ngolo ndi thirakitala zonse zimayamba kuyenda, dalaivala ali pa zokwerera. Ikani zipika kapena miyendo yothandizira pansi pa kumbuyo kwa ngolo, kusiya mpata wa zala ziwiri kuti zidzachoke ngolo ikatsika ndi katundu. Tchingani matayala a ngolo ndi akutsogolo a galimoto, ndipo ngolo isakwezedwe isanakolekedwe. Malo akhale athyathyathya ndi olimba.

Pokwera, mapedulo a mabuleki akhale omangidwa pamodzi, giya ikhale yotsikitsitsa, injini ikhale pansi, ndipo ngati ili ndi matayala onse okoka, alowetseni. Yang'anitsani thirakitala moongoka musanaponde zokwerera, ndipo mukayamba musasinthe giya kapena kuponda kilatchi pakati. Ngati ili ndi chitsulo choteteza ikagubuduzika, chikhale choimika ndipo lamba wapampando amangidwe. Ngati mukufuna kuchipinda chifukwa cha msinkhu, chipindeni mutafika pamwamba. Wolondolera aime kumbali komwe mukumuona, osati kumbuyo kapena pakati pa thirakitala ndi galimoto. Thirakitala yosalira ikokedwe ndi winch, wina atagwira chiwongolero, ndipo kumbukirani kuti injini ikazima chiwongolero cha haidiroliki chimauma. Kuikankha ndi thirakitala ina kukwera zokwerera kulibe njira yoimitsira zinthu zikalakwika.

Maunyolo, malamba ndi zingwe

Giya ndi handibuleki sizimangira thirakitala. Ya hydrostatic, yomwe matayala ake amayendetsedwa ndi mafuta a haidiroliki, injini ikazima siigwiranso ndi giya, ndipo ngakhale matayala atakhomeka, thirakitala imadumpha pa mabampu n'kusuntha pang'onopang'ono. Malamulo a ku America ndi muyezo wa ku Ulaya wa EN 12195 amagwirizana pa mphamvu zomwe zomangira ziyenera kupirira: 0.8 ya kulemera kwa katundu kutsogolo, ndi 0.5 kumbali ndi kumbuyo. Thirakitala ya matani 3 pa mabuleki adzidzidzi imakankhira kutsogolo ndi mphamvu ya makilogalamu 2,400. Ogwira mphamvu imeneyo ndi maunyolo akumbuyo, ndiye ndi omwe safuna kunyalanyazidwa.

Chingwe chichotseni m'maganizo: chimatamuka, mfundo imachifooketsa, ndipo palibe akudziwa mphamvu yake. Mpikisano uli pakati pa unyolo ndi lamba.

Maunyolo amafanana maonekedwe koma amasiyana kutali. Wa giredi 70 wa mamilimita 8 umaloledwa makilogalamu 2,130, wa mamilimita 10 makilogalamu 2,990. Unyolo wamba wa giredi 30 wa makulidwe omwewo umaloledwa 860 ndi 1,200 basi. Giredi imadindidwa pa mphete zina za unyolo, 7, 70 kapena 700. Mtundu wachikasu wa unyolo si umboni, ndipo wopanda chidindo umawerengedwa ngati giredi 30. Malamulo a ku America amati zomangira zonse pamodzi zikwane theka la kulemera kwa katundu, ndipo unyolo wochoka pa ngolo kukathera pa thirakitala umawerengedwa theka la mphamvu yake. Thirakitala ya matani 4 ikufuna makilogalamu 2,000. Maunyolo anayi a giredi 70 a mamilimita 8 akupereka 4,260. Anayi a giredi 30 akupereka 1,720, osakwana, ngakhale ataoneka olimba m'manja. Malamulo omwewo amalamula zomangira zinayi pa makina a makilogalamu 4,536 kupita m'mwamba ndi kulola ziwiri pa ocheperapo, koma zinayi n'zoyenera pa thirakitala iliyonse. Unyolo umodzi wautali wodutsa pa drawbar (chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa thirakitala) kupita mbali zonse ziwiri umalola thirakitala kutsetsereka cham'mbali m'kati mwake, ndipo ukamasuka mbali zonse zamasuka.

Malamba a ratchet, aja okungidwa ndi kampini kopukusa, ndi opepuka, sakanda penti, ndipo amatamuka pang'ono, zomwe zimawathandiza kukhalabe okungika thirakitala ikamadumpha. Mphamvu yake ili pa kansalu kosokeredwa pa lambayo. Ena a mamilimita 50 amaloledwa makilogalamu 1,500, ena 2,500, ndipo nambala yaikulu yolembedwa pa paketi nthawi zambiri ndi yomwe lamba amadukira, osati yogwiritsa ntchito. Mdani wa lamba ndi m'mphepete mwa chitsulo, ndipo thirakitala ili ndi m'mphepete ponseponse. Lamba wokhuza pa ngodya amadulika ulendo umodzi. Dzuwa, mafuta ndi asidi wa batire zimamufooketsanso mosaoneka. Pa thirakitala yosapitirira matani 2, malamba anayi abwino okhala ndi zotetezera pa ngodya, kapena aja ovala pamwamba pa tayala, akwanira. Kupitirira apo unyolo ukhale wa thirakitala, malamba akhale a chidebe cha loader ndi zipangizo. Lamba wong'ambika m'mphepete, womangidwa mfundo kapena wopanda kansalu kake atayidwe, monganso unyolo wa mphete yotamuka kapena yowotchereredwa.

Zokungira unyolo zilipo ziwiri. Ya mpini wogwetsa ndi yachangu, koma imasunga mphamvu yambiri mu mpiniwo, ndipo ukapulumuka m'manja umabwerera kumaso kapena pachibwano. Anthu amauvekanso paipi kuti akunge kwambiri, komwe kumawonjezera mphamvu yobwererayo ndi kupyoza malire a unyolo. Imathanso kutseguka yokha unyolo ukalefuka pa bampu, ndiye mpini wake uzimangidwa ndi waya kapena ndi unyolo wotsala. Ya ratchet imachedwa, imafuna girisi pa mazinga ake, koma imakunga pang'onopang'ono mpaka pomwe mukufuna ndipo imamasukanso mofatsa. Tengani ya ratchet, ndipo mphamvu yake ifanane ndi ya unyolo.

Pomangira ndi momwe unyolo uyendere

Buku la thirakitala zambiri limasonyeza pomangira, ndipo zina zili ndi mabowo opangidwira zimenezo. Kumbuyo, malo abwino ndi chitsulo chogwira drawbar kapena thunthu la ekiselo, unyolo utadutsa pansi pa mapaipi ndi ndodo za mabuleki osati pamwamba pake. Kutsogolo ndi chitsulo chopachikapo zolemeretsa kapena chasisi. Pa ekiselo yakutsogolo pamatheka, koma unyolo usakhudze ndodo za chiwongolero ndi silinda yake, chifukwa zimapindika msanga ndipo mudzazindikira mutatsitsa, matayala akuyang'ana kosiyana. Mikono ya pulawo ndi ya loader si pomangira thirakitala: imagwidwa ndi mafuta, ndipo mafuta akatsika pang'onopang'ono unyolo umalefuka. Chidebe ndi pulawo zitsitsidwe zikhale pa bodi, injini izimitsidwe, zogwirira za haidiroliki zigwedezedwe kuti mphamvu yotsala ituluke, kenako chilichonse chimangidwe pachokha.

Maunyolo akutsogolo akokere kutsogolo ndi kunja, akumbuyo akokere kumbuyo ndi kunja, chilichonse pa madigiri pafupifupi 45. Unyolo woima chilili umangokanikiza pansi, suletsa thirakitala kupita kutsogolo. Wogona kwambiri suletsa kudumpha. Ku ngolo kolekani pa mphete zomangira kapena m'mabowo a nsichi, osati pa kachitsulo kowonda ka m'mbali. Dutsitsani unyolo m'bowo kupita pansi n'kuubweza kuti ngowe ikolekedwe kuchokera pamwamba, kuti ukalefuka ngoweyo ikhalebe pamalo ndi kulemera kwake. Ngowe igwire mphete mpaka m'kati mwa khosi lake, osati pa nsonga.

Thirakitala zambiri zilibe masipuling'i. Matayala ndiwo amadumpha. Ikakanikizika pa bampu maunyolo amalefuka, ikabwerera amakoka mwadzidzidzi, ndipo kukoka kotereko ndi komwe kumadula ngowe. Kungani mosinthanasinthana, kona ndi kona, mpaka matayala aphwanyike pang'ono moonekera. Tayala lomwe likutuluka mpweya pang'onopang'ono limamasula maunyolo onse m'njira, ndiye lipopeni musananyamuke ndipo muziliyang'ana. Tsekani pakamwa pa ekizozi ndi tepi kuti mvula isalowe. Pa injini ya turbo opanga ena amalangizanso zimenezi kuti mphepo isaizungulitse popanda mafuta. Kiyi ichotsedwe, boneti itsekedwe, mapini omasuka ndi miyala ya pa bodi zichotsedwe.

Pamsewu ndi potsitsa

Malamulo a ku America amafuna kuti katundu ayang'anidwe m'makilomita 80 oyamba, kenako maola 3 aliwonse kapena makilomita 240. Pa thirakitala imani msanga kuposa apo, pakatha makilomita 10 kapena 15, chifukwa ndi pomwe maunyolo amakhazikika ndipo pafupifupi nthawi zonse umodzi umapezeka utalefuka. Gwirani pakati pa mawilo a ngolo ndi kuseri kwa dzanja: limodzi likatentha kuposa anzake, ndiye kuti bearing kapena buleki ikukhuza. Matayala a ngolo apopedwe asanatenthe kufika pa mpweya womwe katunduyo akufuna, chifukwa tayala lofewa pansi pa katundu wolemera ndilo limaphulika. Potsika mtunda lowetsani giya yotsika musanayambe kutsika. Ngolo ikayamba kuvina, chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero moongoka osalimbana nayo, gwiritsani mabuleki a ngolo okha ngati ndi amagetsi, ndipo mukaima sunthirani thirakitala kutsogolo musanapitirize.

Potsitsa bwezerani zonse za pokweza: malo athyathyathya, zipika pansi pa kumbuyo kwa ngolo, matayala otchingidwa. Musanamasule, gogodani unyolo uliwonse. Ngati awiri a mbali imodzi akungika kwambiri pomwe enawo alefuka, ndiye kuti thirakitala yasuntha ndipo yatsamira pa awiriwo. Kwerani kaye, tsimikizani handibuleki, tchingani matayala ake, n'kuyamba kumasula olefukawo, okungikawo pomalizira ndi pang'onopang'ono, mutaima kumbali kwa mpini. Nyamulani chidebe ndi pulawo pang'ono pokha, ndipo tsikani pa giya yotsikitsitsa, kilatchi osaiponda mpaka matayala onse anayi afike pansi.